Masiki ndi magolovesi pampanda wa asilikali

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzafa nayo, koma poti amayi a kutchalitchi kwathu ku Rotherham, kuno kwa azungu, ayamba kale kuifotokoza mokhotetsa, bola ndidziyalutse ndekha. Ofuna kuseka sekani, ine manyazi ndinawamaliza tsiku lomwelo.

Ndine Esnart, ndimagwira ntchito ya care, yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Nthawi imeneyo visa yanga inali pafupi kutha. Mapepala atsopano ndinali nditatumiza, yankho lili zii. Amene munadikirapo yankho limeneli mukudziwa mmene mtima umakhalira. Foni ikangolira, umaithamangira. Ndinkayenda mosamala moti ngakhale msewu ukhale wopanda galimoto ndi imodzi yomwe, ndinkaima kudikira kamunthu kobiriwira ka pa maloboti kayake. Ndinali nditadziuza kuti dzina langa lisalembedwe m'buku la munthu aliyense wa yunifolomu mpaka visa itatuluka.

Mmodzi mwa anthu amene ndinkawasamalira anali a Derek, mdala wa pa wheelchair amene kale ankagwira ntchito kufakitale ya zitsulo. Munthu wabwino zedi, koma ndege zinawalowa m'magazi.

"Esnart, love, mawa shift yako tikaithera panja," anatero tsiku lina, poti kwa iwo aliyense ndi love. "Tikukaona ndege. Kukubwera ina yochokera kunja, ndakhala ndikuidikira zaka zambiri. Kuofesi kwanu avomera kale."

Ine ndinavomera ndi mtima wonse. M'mutu mwanga munali eyapoti, anthu akubayibitsana ndi masutikesi.

M'mawa mwake mnzawo wa a Derek, a Malcolm, anabwera ndi galimoto. Tinayenda maola awiri, tauni inatha, tinalowa m'minda. Kenako ndinangoona mpanda wautali wa waya waminga, zikwangwani zofiira, ndipo kuseri kwake ndege zotuwa, zosongoka kutsogolo, zopanda mawindo a anthu okwera.

"A Derek, kuno n'kuti?"

"Bwalo la ndege za asilikali. Si zokongola?"

Ine ndinakulira ku Zomba, kufupi ndi baleki. Mayi anga ankatiuza kuti ukamadutsa pageti ya asilikali maso akhale pansi, osaima, osaloza chala. Zojambula sitinkaziganizira n'komwe. Amalume ankasimba za anthu amene kale anasowa chifukwa cha zinthu zochepa kuposa pamenepo.

Ndiye taganizani zimene ndinapeza pampandapo. Azungu achikulire pafupifupi makumi atatu, ena atakwera pamakwerero kuti aone bwino m'kati, makamera aatali ngati musi atalozetsa kundege zankhondo. Ena anali ndi tiwailesi kukhutu, akumvetsera zimene oyendetsa ndege ankakambirana. Masanasana, kwinaku akudya masangweji.

Mumtima ndinati, Esnart, awa ndi akazitape, ndipo iwe uli pakati pawo. Asilikali akabwera, anzakowa kwawo n'konkuno, awatulutsa madzulo akagone kunyumba. Iwe ndiye ukwera ndege, osati yoionera pampanda ayi.

Kufunsa sindinafunse. Ndinaona kuti kazitape sangakuyankhe zoona.

Nditawakankha kufika kutsogolo, a Derek anandipatsa magalasi oonera patali ndi buku lakuda lokhuthala.

"Maso anga atha, love. Werenga nambala ili kumchira kwa ndege iyo, ulembe apa."

Ntchito ya care imakuzoloweretsa kuti munthu akapempha, manja amayamba okha. Ndinawerenga, ndinalemba. Nditamaliza m'pamene mutu unabwerera. Nambala ya ndege yankhondo, yolembedwa ndi dzanja langa, m'buku lodzaza ndi manambala ena otero. Nditakweza maso ndinaona kamera ya asilikali pamwamba pa mzati, ndipo ndikulumbira kuti inkayang'ana ine.

Ndinayamba kuzungulira wheelchair ngati nkhuku yofuna poikira. Kukhala pansi osatheka, kuima osatheka. Ndinatsegula chikwama changa cha ntchito, mmene simusowa zipangizo. Ndinavala masiki kuti kamera isaone nkhope. Ndinakoka chipewa cha jekete mpaka m'maso. Ndinavala magolovesi a buluu aja timavala posambitsa anthu, n'kupukuta magalasi ndi chikuto cha buku kuti zala zanga zisatsalepo.

"Wadwala?" anafunsa a Derek.

"Kachimfine chabe."

Chinatsala ndi tsamba lija. A Derek atatembenuka kulankhula ndi mnzawo wina, ndinalithothola mwakachetechete n'kulifumbata. Tsopano ndiliyike kuti? M'thumba ayi, akakusecha amayambira momwemo. M'bini ayi, agalu awo amanunkhiza. Ndinaganizako zolitafuna, koma pepala lake linali lolimba. Nzeru imene inandibwerera, Mulungu andikhululukire, inali yolikwirira.

Ndinamanga mabuleki a wheelchair, ndinawafunditsa a Derek bulangete m'miyendo, n'kuwauza kuti ndikubwera. A Malcolm anali pamwamba pa makwerero, sanandione n'komwe. Ndinatsata mpanda chowerama, ndikucheuka pafupipafupi, mpaka ndinafika pa kachitsamba kena patali ndi gulu. Ndinagwada m'munsi mwa waya n'kuyamba kukumba ndi supuni imene ndimawadyetsera a Derek yogati.

Dothi la kuno n'lamakani. Ndinakumba, thukuta kuti kamukamu m'kati mwa masiki. Ndinaponyamo pepala, ndinakwirira, ndinatsendera ndi chikhatho. Ndinapumira m'mwamba, ndikuti basi ndapulumuka.

Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti kwakhala chete. Nditacheuka, makamera onse aja anali atasiya ndege, atalozetsa kwa ine.

Sipanapite nthawi, galimoto ya asilikali inatulukira liwiro. Msilikali wina anathamangira kugulu kuja, akukuwa kuti aliyense achoke pampanda, abwerere kumagalimoto kuseri kwa mitengo. Ndinaona a Malcolm akukankha a Derek mothamanga, bulangete likukwekwereka. Kwa ine kunabwera msilikali wamkazi ndi mnzake wogwira galu.

Poti ndinali chogwada kale, ndinangokweza manja, supuni ili m'mwamba.

"Bwana, ine ndine wa care chabe! Akazitape ndi awo akuthawawo. Ine ndalemba nambala imodzi yokha, komanso mochita kutumidwa."

"Mayi, ikani supuni pansi. Pang'onopang'ono. Vulani masiki. Mwakwirira chiyani pamenepo?"

"Pepala, bwana."

"Pepala lanji?"

"La ndege yanu."

Anayang'anana. Galu ananunkhiza padzenje paja, ananunkhiza supuni, n'kuyamba kuinyambita. Anandiuza kuti ndifukule ndekha. Ndili m'kati mofukula, kumwamba kunamveka chiphokoso, nthaka inanjenjemera, chinthu chachikulu chinadutsa pamitu pathu n'kukatera m'bwalomo. Ine sindinadzutse mutu, ndinali ndi mavuto anga.

Msilikali wamkazi uja anatambasula pepala lamatopelo, analiwerenga, analitembenuza kuseri, kenako anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, nambala iyi inalembedwa pandege ndi zilembo zazikulu kuti aliyense aione. Kuonera ndege uli kunja kwa mpanda si mlandu. Anthu awo timawadziwa, ena anayamba kubwera kuno ine ndisanabadwe. Timachita kuwapempha kuti akaona munthu wokayikitsa atiimbire foni. Lero atiimbira asanu ndi awiri, onse akunena za munthu wovala masiki ndi magolovesi amene akukwirira chinthu pampanda."

Ndinafuna dzenje lomwe lija likule ndilowemo.

Kenako anatulutsa kabuku ndi cholembera. "Dzina lanu ndi chiphaso."

Chinthu chimene ndinachithawa miyezi yonseyi, ndinali nditachikumba ndekha ndi supuni. Ndinatchula dzina, iye akulemba, chilembo ndi chilembo. Misozi inalengeza.

"Bwana, ndikudikira visa. Dzina limeneli likafika kwa opereka visa?"

"Lipoti langa likunena kuti mayi wina anakwirira pepala lake lomwe, kenako analifukula. Palibe mlandu. Akulu anga akaliwerenga aziseka ine, osati inu. Kwirirani dzenjelo muzipita."

Ndinathokoza mpaka kuwomba m'manja, magolovesi ali chivalire.

Kumagalimoto ndinapeza anthu makumi atatu aja ali duu, makamera akulendewera m'makosi. Palibe anandikalipira, ndipo bola akanandikalipira. A Malcolm nkhope inali itafiira, anaulula kuti woyamba kuimba foni anali iwo, sanandizindikire m'chipewa muja.

"A Derek," ndinatero ndi mawu apansipansi, "ndege munkaidikira ija ibwera nthawi yanji?"

"Yatera kale, love. Taimva bwinobwino tili kuseri kwa mitengo."

Inali italowa kale m'chinyumba chosungiramo ndege, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anaijambula. Ulendo wobwerera ku Rotherham unali wautali kuposa wochokera ku Lilongwe. Ndinapepesa mpaka mawu anatha. A Derek ankangoyang'ana pawindo, mapewa akugwedezeka, ine n'kumati akulira.

Visa inatuluka patapita masabata angapo, popanda funso lililonse. Tsiku limene ndinawauza a Derek, anandiyamikira, kenako anati nditsegule buku lawo lakuda ndione zimene anaika pa tsiku la ulendo uja. Pamalo pa ndege anamatapo chithunzi chimene anajambula a Malcolm. Ndine amene, chogwada, masiki kumaso, supuni ikuwala, ndipo kamera yake ndi yabwino moti thukuta likuoneka dontho lililonse. M'munsi mwake analemba ndi dzanja lawo: "Yosowa kwambiri. Yochokera ku Malawi. Yaoneka kamodzi, bwalo lonse linatsekedwa."

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma phula n'labwino abale, silibwera ndi galu.