Jezi Yofiira ya Nambala Faifi

"Amene akuti ndikunama aimirire, andiyang'ane m'maso, kenako ayang'ane bondo ili."

Anatero apongozi anga aamuna, a Mulipa, m'mawa wina mwezi wa Juni, chiperoni chitaphimba phiri lonse. Palibe anaimirira. Anzawo atatu a pa bawo anangoyang'ana jezi yofiira ya manja aatali imene anavala, ya nambala faifi ndi dzina lachizungu kumsana. Ine ndinali pakhonde ndikusenda chinangwa, nditawafulatira monga achitira mtengwa. Jeziyo ndinkaidziwa. Ndinaisankha ndekha pa kaunjika ku Boma kuti ndizifunditsa mwana wanga Esinati, amene anali ndi chifuwa, ndipo dzulo lake inasowa pachingwe.

"Mzungu wa ku esiteti ya tiyi anandiona nditamenya dzungu ndi phazi lopanda nsapato, dzungulo n'kudumpha phiri la Michesi n'kukagwera ku Mkhumba osasweka, basi mawa lake ndinali m'sitima ya pamadzi yopita ku England. Sindikunamizani kuti ndinasewera timu yaikulu yomveka pa wailesi, ayi. Yathu inali ya pansi penipeni, ya amisiri omanga nyumba ndi oyendetsa malole, oonerera ake ochepa kuposa a pa maliro a mfiti, powerengera ndi galu yemwe. Mukumva? Ndinatchinga kumbuyo zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi m'matope ofika m'chiuno, moti mnzathu wina wamfupi tinadzamupeza chaka chotsatira tikutchetcha udzu, akuthamangabe, nkhungu yake tinkachita kudula ndi zikwanje kuti tione golo, ndipo Loweruka lina kunazizira mpaka kulira kwa wezulo ya woyimbira kunauma m'malere, n'kudzamveka Lachitatu ife tili kuntchito. Dzina langa linawakanika kutchula, ndiye anandipatsa lakumsanali. Chigoli ndinamwetsa chimodzi chokha moyo wanga wonse, cha mutu, nditaima pagolo pathu, mpirawo utauma ngati mwala, unaboola ukonde, unaboola khoma la tchalitchi, abusa n'kuuwakha ali pa guwa, ndipo mpaka lero ulipo, amauimba ngati belu. Mukumva? Matimu aakulu anabwera kudzandigwadira, koma bondo linali litatha, ndiponso kuno nandolo anali atauma m'munda."

Esinati anatsokomola kumsana kwanga. Mtengwa sayankha apongozi ake pagulu, ndipo mwamuna wanga anali atalawirira ndi njinga yake ya kabaza. Ndiye ndinamutsitsa mwanayo, n'kumuika pamiyendo, n'kulankhula naye iyeyo, mokweza pang'ono.

"Esinati, wamva? Agogo ako anapirira chisanu cha ku England zaka zonsezo. Cha Phalombe chino sichingawachite kanthu. Wopepera ndiwe, sunapiteko kulikonse, ukungonjenjemera."

Nkhomo za bawo zinasiya kulira. Mmodzi wa anzawo aja anayamba kufunafuna kanthu m'thumba. 

"Kumeneko kuli lamulo," anatero a Mulipa, akuuza anzawowo, osati ine. "Munthu ukapuma mpira, jezi umasiyira wolowa m'malo. Ndimangodikira kuti ndione ngati mwanayu ali ndi miyendo."

Anaivula, n'kupatsa mnzawo, mnzawoyo n'kudzaiika pamkeka pambali panga. Inali idakafunda. Ndinamukulunga Esinati, nambala faifi ija n'kumukwana kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, ndipo posakhalitsa anagona.

Apongozi anatsala ndi kamalaya kawo kong'ambika m'khwapa. Anasewera bawo mano akugogoda, ndipo anakana kusendera pamene panayamba kuwomba dzuwa.

"Ichi mukuti chisanu?" ankatero. "Kumeneko tsiku lotere tinkasewera chifuwa pamtunda."

Masana anzawo atabalalika, mwamuna wanga anafika n'kutsamiritsa njinga pakhoma. Bambo akewo anamukodola. Ankayesa akunong'ona, koma ine ndinali pompo ndikuyanika makaka.

"Iwe umanyamula anthu ophunzira," anatero. "England uja ali mbali ino ya Joni, kapena kuseri kwake?"