Sisitemu Yanga Imadziwa Mayi Mmodzi

Lolemba

Lero ndayamba! Miyezi isanu ndakhala ndikunyamulira anzanga laputopu, lero kasitomala ndi wanga ndekha. Ndi fakitale ya zidebe ndi mabeseni a pulasitiki, kumunsi kwa Ndirande. Ntchito yanga ndi kuika sisitemu ya pa kompyuta yopemphera tchuthi, antchito asiye mapepala. Abwana anga, a Mponda, sanapite m'mbali: "Akasaina Lachisanu kuti zatheka, ndiwe konsaltanti. Akakana, udakali woyesedwa."

Pulani yanga:
1. Lero, kuika sisitemu.
2. Mawa, kuphunzitsa anthu.
3. Lachitatu, buku lipume.
4. Lachisanu, asaine.
5. Loweruka, kugula jekete ya konsaltanti ku Limbe.

Bukulo ndi lakuda, lomatamata ndi selotepi. Amalisunga ndi Mayi Nambewe a ku ofesi ya antchito, ndipo limagona m'kabati yokiya. Ndakopera masiku onse a tchuthi chakale m'sisitemu, zina zolembedwa m'mbali ndazidumpha. Ndawauza kuti mkuja lipuma. Andiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti, "Tiyi mumamwa wa shuga angati?"

Lachiwiri

Maphunziro m'kantini. Malamulo ndangowatenga mmene anabwerera ndi sisitemu kuchokera kunja, sindinasinthe ndi kadontho komwe. Tchuthi upemphe kutatsala masiku awiri. Cha maliro ndi cha anthu anayi basi: mayi, bambo, mkazi kapena mwamuna, mwana. Zooneka bwino pa khoma, mpaka ndadzinyadira.

Manja m'mwamba.
"Nanga malume?"
"Nanga apongozi?"
"Nanga aneba amene amakuonera ana?"

Ndayankha kuti sisitemu imafuna zinthu zomveka. Wina kumbuyo akuti, "Apongozi anga amamveka mpaka ku Machinjiri." Onse kuseka! Kenako magetsi thii, aliyense kubwerera ku makina ake.

Mu minibasi ya ku Chilomoni ndikudziuza kuti anthu amaopa zatsopano, azolowera.

Lachitatu

Tsiku loti buku lipume.

Cha m'ma 9 akulowa a Jafali, oyendetsa makina a mabeseni, chipewa m'manja, maso ali psuu. Mayi awo amwalira m'mawa uno ku Chemusa. Ndi Asilamu, kuika ndi lero lomwe masana. Ine msangamsanga, "Khalani apa, bambo, muone mmene zaphwekera."

Sisitemu yakana. Akuti akanapempha dzana.

Ndani amadziwa za maliro kutatsala masiku awiri? Dzulo ndinaliwerenga ndekha mokweza lamulo limeneli, osamva chomwe ndikunena. Ndalichotsa, thukuta lili kamukamu. Tayesanso. Yakananso! Akuti mayi a munthu ameneyu anamwalira kale chaka chatha.

Ndiye pakamwa pangapa! Ndafunsa, pamaso pa anthu, "Koma mayi anu si anamwalira kale?"

A Jafali akuyankha motsitsa mawu: "Aja ndi amene anandibala. Awa ndi ang'ono awo, amene anandilera."

Mayi Nambewe atsegula kabati, alemba mzere umodzi. "Pitani, bambo, tikupezani komweko." Manyazi amene ndili nawo sindinawamvepo chibadwire. Buku silinapume.

Lachinayi

Nkhani yazungulira fakitale yonse. Pa geti alonda akuti, "Mwadzuka bwanji, a Mayi Mmodzi?" Dzina landimata basi.

Amene alowa m'sisitemu lero: ine.

Ndikuyesa kukonza. Ndawonjezera mayi aang'ono, mayi aakulu, bambo aang'ono, azakhali, malume, apongozi, alamu. Pofika masana mndandanda watalika ngati mzere wa pa chigayo, ndipo Mayi Nambewe akuti ndaiwala mwana wa mchemwali wako amene ukumulera.

Ndapempha kuona buku. Kani zimene ndinadumpha m'mbali zija ndiye nkhani yake! Uyu analeredwa ndi yani. Uyu maliro a kwawo sagona. Uyu akachoka amamugwirira makina ndi uje. Mayi Nambewe akuloza ndi cholembera: "Uyu waika mayi atatu, onse ndi oona. Uyu waika agogo anayi, awiri anali a ku sitediyamu."

Zaka zinayi za ku koleji, palibe anandiphunzitsa kusiyanitsa agogo enieni ndi agogo a mpira.

Lachisanu

Sanasaine.

A manijala a fakitale ndi aulemu, ndipo ulemuwo ukupweteka kuposa kukalipa. "Sisitemu ndi yabwino, achemwali. Ingoyamba yadziwana kaye ndi anthu."

A Mponda pa foni, funso limodzi lokha: "Usanaike malamulowo unakhala pansi ndi ndani?" Palibe. Ndinakhala pansi ndi laputopu. "Miyezi ina itatu yoyesedwa," atero, "ndipo Lolemba ubwerere komweko."

Ndalira pang'ono kuseri kwa mulu wa zidebe. Zobiriwira. Pobwerera ndapeza tiyi pa tebulo langa, shuga awiri, osafunsidwanso.

Loweruka

Jekete ayi. Ndavala chitenje ndi duku, ndatsatira Mayi Nambewe ku Chemusa kukapepesa.

Mawu amene ndinakonza kusanache onse athawa pa khomo. Ndangoti, "Pepani, bambo, ndinalankhula zopusa." A Jafali akuti, "Musadandaule, si inu, ndi makina."

Ndikanakonda zikanakhala choncho. Makinawo anawauza zonena ndine.

Tikutsika njira, Mayi Nambewe akuti iwonso bukulo lawatopetsa, maso ayamba kuvuta, ndipo akapuma ntchito zonsezi zipita nawo. "Ndimati mwabwera kudzandifunsa. Inu munabwera kudzandiuza."

Lamulungu

Titaweruka ku tchalitchi ndakwera ya ku Bangwe, kwa amayi.

Pulani ya mawa, yafupika:
1. Kope latsopano.
2. Mpando pafupi ndi Mayi Nambewe.
3. Kutseka pakamwa.

Mwina ukonsaltanti wake ndi umenewu. Jekete idikire.

Amayi akusankha mpunga pa khonde, ine ndikuwasimbira zonse kuti tiseke. Za agogo a mpira aseka mpaka kutsokomola. Pa za a Jafali asiya kuseka, lichero lili pa miyendo. Amayiwa ndi ang'ono a mayi anga ondibala. Ananditenga ndili Sitandade 3, tikuchoka kumanda koika mayi angawo, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinawatchulepo dzina lina koma amayi.

"Ndiye tandiuza," akutero, maso ali pa mpunga, "ine ndikadzafa, kompyuta yakoyo idzakulola kubwera?"

Pa fomu yanga ya kuntchito, pa mzere wa mayi, ndinalemba ndekha kuti anamwalira.