Nyale Yoopa Dzuwa

Lolemba
Iwe kope langa, unayamba waonapo nyale yodya dzuwa? Ine ndabwera nayo lero. Kukalabu ya zachilengedwe kwabwera nyale za sola kuchokera kunja, akuti zothandiza maiko ngati lathu lino kuchepetsa utsi. Madamu andibwereka imodzi chifukwa kompozishoni yanga inali bho. Ntchito yanga: kuiika padzuwa, kuwerengera madzulo, kulemba maola amene yawala. Lolemba likudzali ndikawerenge lipoti pa asembule. Ine, pa asembule! Lipoti likakoma, nyale ndi yanga.

Lachiwiri
Ndaisiya pakhonde m'mawa. Pobwera kusukulu ndaipeza m'kabati, pakati pa mbale za alendo, itafunditsidwa kansalu koluka.
Amayi: "Chinthu chatsopano padzuwa? Chisuluka."
Maola: ziro.

Lachitatu
Ndafotokoza bwinobwino, ndi chojambula chomwe. Amayi avomera. Aitulutsa okha, ndipo akhala pambali pake poopa akuba a Bangwe. Aiika pamthunzi wa mpapaya kuti ingatenthe. Naini koloko apita kumsika, nyale aitsekera m'nyumba.

Lachinayi
Chiperoni. Phiri silikuoneka, ngakhale bafa la aneba. Zimene ndili nazo:
nyale
kope la lipoti, mizere yojambula kale ndi rula
chimfine

Lachisanu
Chiperoni chikadalipo. Amayi a kuseri abwera kudzaiona, aigwira ndi manja awiri ngati khanda. Ababa pochokera kuntchito ku Makata aiyang'ana kumbuyo, akuti, "Azungu nzeru." Kenako ayatsa koloboyi kuti aione bwino.

Loweruka
Dzuwa! Sindinapite kukwaya. Ndakhala nayo panja kuyambira m'mawa, ndikuisuntha mthunzi ukayandikira, khosi langa lapsa. Kagetsi kobiriwira kayaka, ndiye kuti yakhuta. Madzulo nditi ndidine batani, Amayi andigwira dzanja.
"Mawa Mphakati ukumana kwathu kuno. Ukufuna anthu aipeze yotha?"
Ndachotsa chala pabatani. Ndawerengera koloboyi.

Lamulungu
Mphakati wayamba thuu koloko masana. Nyale ili patebulo, pambali pa mtanda, ikuyaka. Dzuwa likulowa pawindo mpaka sukudziwa ngati yayakadi, koma aliyense wayamikira. Atcheya aitchula m'pemphero, pamodzi ndi ine, "mwana wathu wa sayansi". Amayi akhala mowongoka ngati ali pa chithunzi. Sindinawaonepo akunyada chonchi, ndiye ndangoisiya iyake.

Yazima anthu akutsanzika.

Lipoti lonse ndi ili: "Nyale inawala maola atatu, masana, ndipo anthu anaikonda." Bodza sindilemba. Mwina Madamu aipereka kwa wina amene mayi ake saopa dzuwa.

Ndisiyire pompa. Amayi akundiitana kuti ndikaipukute ndi kuibwezera m'katoni mwake, akuti asukulu asadzati sitinaisamale.