Poti Mukudutsa Konko

Lolemba, 11 Ogasiti

Tulo sindinatione. Chifukwa chake Mulungu akuchidziwa kale, ndiye ndibisirenji. Lachinayi tikupita ku Cape Maclear, kupaki ya m'mbali mwa nyanja, kumene akuti nsomba zake n'zamawangamawanga ngati zitenje. Tilipo anayi a m'kwaya: ine, Kondwani, Madalitso amene wabwereka pikapu ya amalume ake, ndi Tiyamike.

Ndiulule. Anzanga ndawauza kuti tikukaona chilengedwe cha Mulungu. Si bodza kwenikweni, koma nsombazo ndilibe nazo ntchito. Ndikufuna ndikamufunsire Tiyamike banja kumalo kopanda wotidziwa. Kuno ku Domasi ndikangoti nditsegule pakamwa, wina watulukira kale m'chinangwa: "Mwaswera bwanji a kwaya?"

Dzulo ndinapempha a Namakhwa, mkulu wa mpingo, kuti atipempherere. Anapemphera mwamphamvu pamaso pa mpingo wonse, kutchula msewu wonse osadumpha: Malosa, Liwonde, Ulongwe, Mangochi. Ulendo wodalitsika!

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Kukungocha, pakhomo pali anthu. Aliyense akuyamba ndi mawu omwewo: "Poti mukudutsa konko."
Thumba la nandolo, la mwana wa mayi Chikopa ku Liwonde.
Nkhuku ziwiri za apongozi a winawake ku Ulongwe.
Mtondo ndi musi wake.
Chitseko! Cha mwana wa a Namakhwa amene akumanga ku Mangochi.

Munthu amene anakupempherera ungamukanire chitseko? Ndalandira zonse ndi manja awiri. Mumtima ndinang'ung'udza pang'ono, Ambuye mundikhululukire. Komabe taonani mmene mpingo ukundikhulupirira!

Lachitatu, 13 Ogasiti

Yabwera mbuzi. Kondwani wayang'ana mbuziyo, wayang'ana chitseko, wati: "Ase, ine ndimafuna tchuthi, osati ganyu." Watsala.

Masana nkhani ina. Amayi a Tiyamike akuti mtsikana sangapite kutali ndi anyamata okhaokha, ndiye azakhali ake, Anaphiri, apita nawo. Koma Madalitso akuti Anaphiri akangokwera galimoto amagona ngati mwana. Ambuye akatseka khomo lina amatsegula lina. Chitseko tili nacho kale.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Tanyamuka! Kutsogolo Madalitso, Anaphiri pakati, Tiyamike kuwindo. Ine kumbuyo ndi mbuzi.

Chimene ndinaiwala n'chakuti katundu wa munthu sumangomuponya pamsewu. Umalowa, umakhala pamphasa, amakufunsa za moyo wa aliyense wa ku Domasi mmodzimmodzi, kenako umamva nkhuku ikulira kuseri. Ukadzuka usanadye wanyoza. Kwa mwana wa mayi Chikopa tadya, kwa aneba ake tamwa thobwa, ndipo pochoka atisenzetsa mpunga: "Poti mukubwerera konko."

Tagona ku Liwonde, kumene minibasi imafika munthu usanamalize nzimbe. Koma pamlatho ndaona makutu a mvuu mu Shire! Ndinakuwa, Tiyamike anaseka. Chiyambi chabwino.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Anaphiri sagona. Madalitso ananama, kapena mayiwa anachira.

Ku Ulongwe eni nkhuku ali kumaliro. Sungasiye nkhuku pakhomo n'kudutsa maliro ngati suwaona, ndiye takapepesa. Atamva kuti ndife a kwaya, atipempha nyimbo. Taimba mpaka kumanda, ndipo ndinene mosadzitama kuti besi yanga inamveka.

Ku Mangochi chitseko chafika bwino, kungoti n'chachikulu kuposa khomo. Mwana wa a Namakhwa akuti tibwerere nacho akachipale. Ndaona madzi ambiri, ndati "Nyanja!" Mwana wogulitsa mandasi wati: "Ayi bambo, ameneyo ndi Shire."

Kenako foni ya amalume a Madalitso: pikapu ifike mawa, ili ndi tomato woti inyamule.

Loweruka, 16 Ogasiti

Tikubwerera. Paki sitinaione. Katundu wachuluka kuposa popita: usipa matumba, mphasa, chitseko chomwe chija, ndi agogo ena a miyendo yotupa amene akupita kwa mwana wawo ku Malosa.

Ndiye apa ndi pamene ndikuti Mulungu sagona! Agogowo sangakhale kumbuyo. Anaphiri sangakwere pamatumba. Tiyamike wabwera kumbuyo, wakhala pa usipa moyang'anana nane. Pakati pathu palibe munthu, ngakhale mbuzi, poti tinaisiya kwa eni ake.

Ndinapemphera kuchokera ku Mangochi mpaka pafupi ndi Ulongwe. Mphepo ikuwomba kwambiri, mawu apansipansi sangamveke, ndiye ndinakoka mpweya ngati pa korasi n'kukuwa: "A Tiyamike, ndikufuna ndimange nanu banja!" Nthawi yomweyo Madalitso anali ataponda buleki pa mahampu. Mphepo zii, msika wonse unamva. Amayi ogulitsa tomato anaimba nthungululu. Wakabaza wina anati: "Muloleni sisi, wavutika!" Mutu wa Anaphiri unatulukira pawindo.

Tiyamike anaphimba nkhope ndi chitenje. Titadutsa msika anati: "Ndamva. Ndiganize kaye." Kenako anatambasula dzanja n'kundichotsa kausipa pakolala.

Sanakane! Aleluya, sanakane!

Lamulungu, 17 Ogasiti

Nkhani inafika kuno ife tisanafike. Anaphiri ali ndi foni.

A Namakhwa andiimiritsa kutsogolo kuti ndipereke umboni wa zodabwitsa za kupaki. Ndanena za makutu a mvuu. Mpingo wati amen, ena akuseka m'mipango. Panja Anaphiri andikokera pambali: "Bambo, kwathu sitifunsirana pamahampu. Mwana akalola, mutumize amalume anu." Kondwani akuti ndikumvekabe usipa. Mayi Chikopa akufunsa kuti tipitanso liti.

Nsomba zamawanga zikhale komweko, sizinalembedwe kuti ndizione chaka chino. Tiyamike waimba bwino koma sanandiyang'ane, ndipo sindikudziwa ngati ndi manyazi kapena ndi yankho. Ambuye, Lachinayi tili ndi pulakatisi ya kwaya. Chonde andiyankhe tsikulo lisanadutse, mtima wanga sungapirire mpaka Lamulungu linalo. Pempho ili ndabwera nalo ndekha kwa Inu. A Namakhwa sindiwauza.