Mbama Imene Ndinaisiya M'malere

Amene akuti ndikunama atuluke panopa, asatitayitse nthawi. Ine ndinatembenuka mtima, mabodza ndinawasiyira limodzi ndi kachasu, ndiye ndinamirenji nditakalamba chonchi?

Ntchito yanga inali yojambula tikanema tifupitifupi toitanira anthu ku zisudzo, tija timayenda m'mafoni sewero lisanachitike. Lamulo lake ndi limodzi: uonetse pang'ono, udule pokoma. Ndipo pa kudula panalibe wondiposa, kuyambira ku Area 2 mpaka ku 43.

Gulu lina la ku Area 4 linandiitana. M'sewero lawo Nachisale, mayi wogulitsa kaunjika, ankayenera kuwomba mbama mwamuna wake wachimasomaso, ndipo gawo la mwamunayo linali la a Gondwe, kalaliki wa m'boma. Nachisale anakweza dzanja maso ali psu, a Gondwe anatsinzina, ine n'kudula pomwepo. Kanema kutha, dzanja lili m'malere.

Ambuye andikhululukire, luso ndinalipyoza muyeso. Dzanja la Nachisale, lenilenilo, linakana kutsika! Mukumva? Akamayenda mumsewu maminibasi onse ankaima poyesa akuwaimitsa mpaka mzere kutseka mlatho wa Lilongwe, kutchalitchi akafunsa wodzipereka kusesa, kuphika pamaliro, kutsuka zimbudzi, zonse zinkagwera iye, khwangwala anamanga chisa m'chikhathomo n'kuswa ana, ndipo mabwana a ku City Centre anasiya misonkhano n'kumangobwereza kakanemako, ati mwina ulendo uno mbama itera.

Nachisale anafika kwathu akulira. "Achimwene, munandikweza ndinu, munditsitsenso ndinu. Mwana ndimubereka bwanji ndi dzanja limodzi?"

Ndinati, "Pepani achemwali, lidzatsika tsiku la sewero."

Tsikulo holo inadzaza, ena atakhala pamapewa a anzawo, ena padenga atasasula malata. Koma a Gondwe atasuzumira n'kuona dzanja lija litatupa ndi mbama yosungidwa nthawi yonseyo, anati akukagula madzi akumwa. Powaimbira foni n'kuti ali kale pa Jenda, ulendo wa kwawo kumpoto.

Popanda tsaya loti mbama itere, mayi uja akanakalamba ali chikwezere. Ndinavula chipewa, n'kukwera pansanja, n'kupereka langa.

Phaa! Magetsi anazima Lilongwe yense, mango osapsa anayoyoka ku Area 43, agalu a m'mipanda anaiwala kuuwa n'kuyamba kulira ngati mbuzi, ine ndinazungulira ngati nguli, kubowola khoma, n'kukatera m'dengu la tomato mumsika waukulu, anthu m'holo akuombabe m'manja. Nachisale anatsitsa dzanja, n'kumanga mwana wake kumbuyo.

Zala zake zikuonekabe patsaya pangapa, senderani muone. Mayi a kunyumba amati ndi mizere ya mphasa imene ndimagonera masana. Asiyeni, iwowo tsiku limenelo anali kumudzi kokolola.