Makilo 120 a zitsulo

Lolemba
Msana wa amayi a Hawa, akazi anga, ukuwawanso. Akudzuka mogwirira khoma, koma akuti si kanthu. Ndikufuna kuwagulira matiresi popanda iwo kudziwa.
Ku boma kuli munthu wogula zitsulo zakutha, K300 pa kilo. Kuno ku Nkope ndizigula K150. Ndiye ndaika pa pepala:
galimoto, K15,000
kubwereka sikelo, K3,000
phindu pa kilo, K150.
Kuti ndalama yanga ingobwerako, ndikufuna makilo 120. Opitirira pamenepo ndi a matiresi. Masamu ndimawatha ndithu.

Lachiwiri
Ndikuyenda khomo ndi khomo, sikelo m'manja. Makasu akutha, mafulemu a njinga, mbaula zobooka. Makilo 38.
Chinthu chakhala kudzala zaka khumi, lero ndachifunsa chasanduka cha mtengo. Wina akuti, "Limeneli ndi khasu la agogo, muwonjezere."

Lachitatu
Abiti Yusufu, amasiye a kuseri kwathu, akubwera akukoka nangula wa boti la malemu amuna awo. Makilo 22 kamodzi! Ndikuwapatsa K3,300, akulandira, koma sakuchoka. Akusisita nangulayo ndi nsonga ya chitenje. "Ankamupenta okha chaka chilichonse."
Ndikumusenza kubwerera naye kwawo. Za ndalamayo sindikufunsa, ndaona kuti moto sunayake pakhomopo. Sindikudziwa kuti ndiilembe mbali iti ya pepala.

Lachinayi
Makilo 90. Zala zachekeka zitatu. Amayi a Hawa akundimanga kansalu, akufunsa kuti zonsezi n'zachiyani. Ndikuti bizinesi. Akuti, "Bizinesi yodzaza bwalo ndi dzimbiri," koma akumanga mosamala.

Lachisanu
Potuluka kumzikiti ndikukumana ndi mwini galimoto. Mafuta akusowa, tsopano akufuna K18,000. Ndiye kuti makilo ofunika ndi 140. Ine ndili ndi 112, ndipo m'mudzi muno simunatsale ngakhale msomali.
Ndakhala pakhonde, pepala pabondo. Amayi a Hawa akusuzumira, akuwerenga mwakachetechete, akulowa m'nyumba. Kenako phokoso. Akutuluka chafutambuyo akukoka bedi lathu lachitsulo, lija tinagula chaka cha ukwati.
"Yezani ili, abambo. Mawaya ake ndi amene akundilasa."
Makilo 30, aulere. Ndikulephera kuwauza kuti matiresi amayenera kukhala pomwepo.

Loweruka
Ku boma. Sikelo yanga inati 142, ya wogula ikuti 135. Ndikudandaula. Iye akuti, "Dzimbiri sitigula, achimwene." Akundiwerengera K40,500.
Bedi akuliponya pamwamba pa mulu. Ndikuyang'ana kumbali.
Pobwerera ndikuchotsera zonse: galimoto, sikelo, zitsulo, nangula. Ndikubwereza katatu. Ndaluza K600. Ndikugula mandazi awiri, kuti ndisalowe m'nyumba chimanjamanja. Tsopano ndaluza K1,000.

Lamulungu
Tagona pamkeka. Ine nthiti zonse zikuwawa. Iwo adzuka osagwira khoma, asesa bwalo lonse mpaka pamene panali mulu paja.
Pa tiyi ndikuulula za matiresi. Akuseka mpaka kupukuta misozi.
"Ndiye mumati muwayale pati?"
Ndikuti sindinafike pamenepo, masamu anga anathera pa makilo.
Akutenga pepala lija, akuliyang'ana mbali zonse, akulipinda bwinobwino n'kuliika m'chikwama momwe amasunga makadi a kusikelo a ana athu. Ndikuti litayeni, ndi la munthu woluza. Akuti, "Ndi langa ili."
Mawa ndikabweza sikelo ya eni. Mkeka wina ndikabwereka kwa mlamu wanga, tiziyala iwiri.