Twente-seveni ya a Mang'anda

Pali ulendo umodzi wa pa njinga umene ndikaukumbukira ndimafuna kulowa pansi.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndinkagwira ntchito yotayipa pa koleji ina ku Domasi. Kunabwera kompyuta yaikulu yotchedwa seva, yosunga mafayilo a ophunzira, ndipo ine ndinkayenda ngati ndinaipanga ndine (chonsecho ndinkangodziwa kuyatsa ndi kuzimitsa). Masiku omwewo ndinkafunsira Esinati wa ku Naisi, mwana wa a Mang'anda, mphunzitsi wachikulire amene ankawonjezera maphunziro pakolejipo. Bambowa anali asanandilandire, ndiye ndinkasakasaka poonetsera kuti ndine munthu wofunika.

Zotsatira za mayeso zitalowetsedwa, ndinasuzumira. Fayilo yawo sinatseguke, koma dzina linaoneka pamwamba: Mang%27anda. Mutu unaima. Twente-seveni peresenti! Ndinayang'ana maina a anzawo a m'kalasi: la a Banda panalibe nambala. La a Ng'oma linali ndi 27 yomweyo, ine n'kuti basi, madala awiriwa anaonerana.

Wanzeru akanakhala chete. Ine ndinapalasa njinga mpaka ku Naisi, n'kukhala pakhonde nkhope ili ngati ndadzapepesa maliro.

"Bambo, limbani mtima," ndinatero. "Kompyuta sinama. Mwapeza 27."

Anavula magalasi n'kundifunsa ngati ndinaona ndi maso angawa. Ndinalumbira. Esinati akuti tsiku limenelo sanadye.

M'mawa mwake a Mang'anda anavala jekete, n'kutengana ndi a Ng'oma (inde, nawonso ndinali nditawauza), ulendo kwa Mayi Kalua, oyang'anira sevayo. Ine anandiitanitsa ngati mboni. Mayiwo anaseka mpaka misozi. Anafotokoza kuti seva sigwirizana ndi kamchira ka pa ng', ndiye polemba njira ya fayilo imakachotsa n'kuikapo %27. Ngakhale ng'ombe, itakhala ndi fayilo, ingapezenso 27. Madala onse awiri anali atakhoza bwino lomwe.

Mtima unandiuza kuti ukwati wathera pompo. A Mang'anda anatembenukira kwa ine.

"Mkamwini wabodza sindimufuna," anatero. "Koma uyu si wabodza ayi, ndi wopusa chabe. Wopusa amaphunzitsika."

Posakhalitsa ankhoswe anakumana. Esinati ndili naye mpaka lero, ndipo tikukhala mwamtendere. Zoti ndinaphunzitsika kapena ayi mukamufunse yekha, chifukwa ndikangoyamba kufotokozera alendo zinthu zomwe sindikuzidziwa, iye amandinong'oneza kuti, "Bambo a Chisomo, mwaona ndi maso anu?"

Ine ndimalumbirabe.